Chaka Chimene Zitseko Zinayenda ku Zilibwino

Kuseri kwa mapiri kumene munthu wanzeru sapitako kawiri kuli ufumu wotchedwa Zilibwino. Dzinali analipereka ndi agogo a mfumu imene ilipoyi, ndipo palibe amene analitsutsa, chifukwa amene akanatsutsa anali atasamuka kale.

Ku Zilibwino nyumba iliyonse ili ndi pepala lonena mtengo wake. Mapepalawa analembedwa kalekale ndi anthu otchedwa oyeza nyumba. Oyeza a nthawi imeneyo anali olimba miyendo. Ankafika pakhomo, kuzungulira nyumba, kugogoda khoma, kusuzumira kudenga, kufunsa ngati madzi amalowa nthawi ya dzinja, kenako n'kulemba. Anasiyanso malamulo m'buku la bungwe lawo. Akuti pepala likakalamba, wofuna kulikonzanso apite akaione nyumbayo ndi maso ake, alembe zimene zasintha, asamangokopera za mnzake wakale ngati mwana wasukulu waulesi. Analetsanso kuyeza nyumba ya m'bale wako ndi kulandira nkhuku pakhomo pamene ukuyeza. Zonsezi zinalembedwa bwino kwambiri. Ku Zilibwino zolembedwa bwino n'zambiri.

Ndiye chaka china Mfumu Mkomawanthu inalota msewu. Msewu wotakata, wakuda bii, wochokera kunyumba yachifumu mpaka kudamu kumene mfumuyo inkakonda kukaonerera abakha. Kutacha, akatswiri anayala mapu n'kupeza kuti malotowo akudutsa pakati penipeni pa Matopeni, dera la anthu amene amakumbukiridwa pakafunika oombera m'manja. Mfumu, pokhala yachifundo, inalamula kuti aliyense wogwetseredwa nyumba apatsidwe chipepeso molingana ndi pepala lake. Koma mapepala anali okalamba. Pankafunika kuwakonzanso.

Nkhaniyi inafika ku Bwalo la Eyaeya, kumene nduna zimakhala pansi kuti zigwirizane ndi mfumu. Anaimirira mkulu wa oyeza nyumba, a Zakeyo Mkhalapansi, munthu amene nsapato zake zinali zisanalawepo fumbi.

"Wolemekezeka Mfumu, inu mthunzi wa dziko lino," anatero a Mkhalapansi, "buku lathu likuti tiione nyumba ndi maso. Ife sitikukana. Koma bukulo silinanene kuti tiionere kuti."

"Fotokozani," inatero mfumu.

"Ku Matopeni kuli matope, Wolemekezeka. Galimoto za bungwe n'zatsopano. Ndiye ife taganiza kuti m'malo moti woyeza apite kunyumba, nyumba ibwere kwa woyeza."

Nduna zinayang'anana. Msungichuma, a Bisani, anafunsa mwaulemu ngati nyumba za ku Matopeni zinamera miyendo.

"Si nyumba yonse, a Nduna. Chitseko chokha. Dokotala akafuna kudziwa matenda, kodi amakhuthula magazi onse m'thupi? Amatenga kadontho. Chitseko ndiye nkhope ya nyumba. Chikabwera chosalala, nyumba yakwera mtengo. Chikabwera chomwe chija, nyumba ndi yomwe ija, ife tingosintha tsiku papepala."

"Eyaa!" linatero bwalo lonse, likuyang'ana nkhope ya mfumu kuti lione ngati lalondola.

Nduna ina yokalamba, imene inali itangodzuka kumene, inafunsa kuti nanga zitseko zikakhala zili ku ofesi, akuba bwanji. Anaikumbutsa kuti akuba anathetsedwa ndi lamulo chaka chatha. Inapepesa n'kugonanso.

Mfumu inakweza ndodo yake. "Kuyambira lero, nyumba ndi chitseko, chitseko ndi nyumba. Wotsutsa akatsutsire kunja kwa dziko."

Ku Matopeni kunali mayi wina wamasiye, a Edesi Nankhoma, amene ankagulitsa usipa mu Msika wa Dikirani. Pepala lawo linkanena za kanyumba kadothi, kaudzu, ka chipinda chimodzi. Zinali zoona pa nthawi yake. Koma amuna awo atamwalira, a Nankhoma anaumba njerwa okha, anaziotcha, anagula malata limodzilimodzi n'kumawasunga pansi pa bedi mpaka anakwana. Anathira simenti pansi. Anawonjezera chipinda cha zidzukulu zimene mwana wawo anawasiyira. Chimene sanasinthe ndi chitseko chokha, chamatabwa opyapyala, chokhula pansi potsegula. Munthu wosauka amamanga kuyambira pansi, chitseko amati adzagula pomaliza, ndipo pomaliza sipafika.

A Nankhoma sanafune wowawerengera. Pepala likakhala momwe linalili, chipepeso cha kanyumba kaudzu sichikanagula ngakhale malata a khitchini. Thirakitala ikanabwera, iwo ndi zidzukulu akanagona pansi pa mtengo, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana kum'mawa.

Choncho tsiku lina m'mawa anazula chitseko chawo, anapinda nkhata, anasenza. Msewu wopita ku ofesi ya oyeza unali utadzaza zitseko zoyenda. Zina pamutu, zina panjinga, china chitagona pangolo ngati wodwala. Kumbuyo, nyumba zonse za ku Matopeni zinatsala zitayasamula, nkhuku zikulowa ndi kutuluka ngati eni ake.

Atafika kutsogolo kwa mzere, a Mkhalapansi anayang'ana chitseko, anayang'ana pepala lakale, anayasamula.

"Chomwe chija."

"Chitseko n'chomwecho, bwana, koma nyumba ndi ina. Njerwa zootcha, malata, simenti pansi."

"Njerwazo zili kuti?"

"Kunyumba, bwana."

"Ndiye mukufuna ine ndilembe zinthu zimene sindikuziona? Mayi, ntchito yathu ili ndi malamulo. Timalemba zimene taona ndi maso basi." Anakweza chidindo.

"Dikirani, bwana!" anatero a Nankhoma. "Ukalambawu. Ndasenza cha kubafa."

A Mkhalapansi anatsitsa chidindo pang'onopang'ono, anawayang'ana mayiwo ngati munthu amene wayamba kuchangamuka. "Mubwere ndi cholondola. Mukafunse anzanu kumsika, akuuzani mmene zitseko zolondola zimaonekera."

Kumsika a Nankhoma anatsamiritsa chitseko pa benchi lawo n'kukhala pansi, khosi litauma. Mnzawo wa benchi loyandikana, a Dorika, ogulitsa tomato ndi nkhani za eni ake, anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Inu a Nankhoma, mumakhala dziko liti? Mwapita ndi chitseko chanuchanu? Kwa oyeza?"

"Nanga ndikanapita ndi cha yani?"

"Mayo ine! Dzukani, tiyeni kwa a Jailosi."

A Jailosi anali ndi shedi kuseri kwa ogulitsa makala. Kale ankagulitsa maloko, koma tsiku lomwe lamulo linatuluka anapezeka ali ndi chikwangwani chopenta kale, chouma bwinobwino: ZITSEKO ZOBWEREKA. Anali mlamu wa a Mkhalapansi. Anthu amati zinangochitika mwangozi, ndipo amene akufuna kukhulupirira zimenezo akhulupirire.

M'shedimo munali mulu wa zitseko zowola, zodyedwa ndi chiswe, zina zomangidwa ndi luzi. Pambali, chitafunditsidwa bulangete, panali chitseko chimodzi cha mlombwa, chonyezimira, chosemedwa mikango iwiri, chogwirira chake ngati golide.

"Zowolazo amabwereka ndani?" anafunsa a Nankhoma.

"Zimenezo n'za akuluakulu a pa Phiri la Tadyakale, mayi," anatero a Jailosi. "Iwo msewu suwakhudza. Chimene chimawasowetsa tulo ndi msonkho. Dzulo nduna ina inakana ichi, akuti chiswe chake n'chochepa. Inu chanu ndi cha mikangochi. Mudikire, chikubwera ndi kupita ngati minibasi."

A Nankhoma anamukokera mnzawo pambali. "A Dorika, si bodza limeneli?"

"Nyumba yanu ndi ya chiyani?"

"Ya njerwa."

"Pepala likuti?"

"Yadothi."

"Ndiye bodza analiyamba ndani? Inu mukungolowa pamzere."

A Nankhoma anasiya beseni lonse la usipa kwa a Jailosi ngati malipiro. Tsiku lawo litakwana anachikweza chitseko cha mikangocho pa wilibala, chifukwa cholemera chotero khosi la munthu wamasiye silingachithe.

A Mkhalapansi ankachiona chitsekocho tsiku lililonse, kangapo pa tsiku, koma nthawi zonse ankadzidzimuka mwatsopano. Anaimirira, anavula magalasi, anasisita mkango umodzi pamutu.

"Aa! Mayi, bwanji osanena? Nyumba yosanja iyi." Anayamba kulemba. "Zipinda zosawerengeka. Khonde kumwamba. Dziwe losambiramo."

"Bwana, musapitirire. Lembani njerwa ndi malata basi."

"Mayi, ine ndinapita kusukulu ya zimenezi. Chitseko chotere sichikhala pa nyumba yopanda dziwe." Chidindo chinagwa, phaa! "Wotsatira! Ndipo muchibweze msanga, ena akudikira."

Mwezi usanathe, a Mkhalapansi anaimiriranso ku Bwalo la Eyaeya atanyamula mulu wa mapepala atsopano.

"Wolemekezeka, tapeza chodabwitsa. Matopeni ndi dera lolemera kuposa lina lililonse mu ufumu wanu. Nyumba iliyonse n'njosanja. Aliyense ali ndi dziwe. Ngakhale wosoka nsapato ali ndi mikango iwiri pakhomo."

Mfumu inalira misozi yachimwemwe. Inati inkadziwa kuti umphawi udzatha mu ulamuliro wake, koma sinkayembekezera kuti utha mwakachetechete chonchi. Inalamula tchuthi. Inasintha dzina la Matopeni kukhala Mwanaalirenji. Ng'oma zinalira, ndipo anthu a ku Mwanaalirenji anatumiziridwa lole kuti adzaombere m'manja chuma chawo.

A Bisani okha ndi amene sanavine. Anapukuta thukuta n'kugwada.

"Wolemekezeka, pali kanthu kakang'ono. Chipepeso chimatsata pepala. Tikagwetsa nyumba imodzi yokha ya ku Mwanaalirenji, mosungira chuma mutsala makoswe."

"Ndiye vuto lili pati?" inatero mfumu. "Anthu olemera sasokonezedwa. Msewu udutse pamene pali potchipa. A Nduna a Misewu, potchipa ndi pati?"

Nduna ya Misewu, a Khotakhota, anatsegula mapepala ali ndi mphamvu zonse. Anawerenga loyamba, mawu anatsika. Anawerenga lachiwiri, anayamba kutsokomola.

"Nenani," inatero mfumu.

"Pa Phiri la Tadyakale, Wolemekezeka. Mapepala akuti kuli zisakasa zokhazokha. Zachiswe."

"Zisakasa! Pafupi ndi nyumba yanga? Zichotsedwe mawa lomwe, zikunyazitsa dziko. Amakhala kumeneko ndani?"

 Nduna iliyonse inapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zake. Ena amati mfumu sinkadziwadi kumene nduna zake zimagona. Ine ndakalamba, zotere sindimeza.

Woyamba kuyankhula anali a Khotakhota. Anati phiri lili ndi miyala, miyala imathyola thirakitala. A Bisani anati osauka nawonso ndi ana a mfumu, sibwino kuwagwetsera tizisakasa tawo mvula ili pafupi, ndipo mawu awo ananjenjemera ndi chifundo chimene palibe anali atawaonapo nacho. Nduna yokalamba ija inadzuka n'kunena kuti kudambo kulibe chitseko n'chimodzi chomwe.

"Eyaa!" linafuula bwalo, ulendo uno lisanayang'ane n'komwe nkhope ya mfumu.

Choncho msewu unakhotera kudambo, kumene achule alibe mapepala. Unadya chuma chochuluka kuposa Matopeni ndi Tadyakale kuphatikiza, ndipo pamene ndikunena pano mathirakitala ena akadali pansi pa madzi.

Ku Mwanaalirenji anthu anabwezeretsa zitseko zawo zakale, akazi analuluta. A Nankhoma anagona tulo tabwino kwa masiku angapo. Koma boma likataya chuma m'dambo limakumbukira kuti lili ndi anthu. A Bisani analengeza kuti eni nyumba zosanja alipire msonkho wa nyumba zosanja, wolephera nyumba yake ikhomedwe loko ndi kulandidwa.

Wokhometsa msonkho anali a Lameki, munthu wowonda, wa jekete lalikulu kuposa iye. Anali munthu woyamba wa boma kuponda matope a deralo chiyambire ulamuliro wa Mkomawanthu, ndipo matopewo anamulandira mpaka m'maondo. Anafika pakhomo pa a Nankhoma, pepala kudzanja lina, loko kudzanja lina.

"Odi! Pano ndi pa a Edesi Nankhoma?"

"Fikani, achimwene. Mpando uwo."

"Sindikhala, mayi. Nyumba yosanja, zipinda zosawerengeka, dziwe losambiramo." Anakweza maso n'kuyang'ana malata, kenako kumwamba kumene kunayenera kukhala khonde. "Dziwe lili kuti?"

"Limabwera mu Januwale. Limafika mpaka pakhomo pomwe mwaimapo."

"Mayi, ine sindinabwere kudzaseka. Mulipire, apo ayi ndikhoma loko. Lamulo ndi lamulo."

Zidzukulu zinasuzumira pawindo. A Nankhoma anaziyang'ana, anayang'ana loko, kenako anakonza chitenje chawo modekha.

"Lamulo lake liti, achimwene?"

"La mfumu."

"Lija loti nyumba ndi chitseko?"

"Lomwelo."

"Pepala lanulo likuti chitseko chake n'chotani?"

A Lameki anawerenga. "Cha mlombwa. Mikango iwiri."

"Taonani changachi. Mkango mukuuona? Ngakhale mphaka palibe. Mwasochera, achimwene. Nyumba mukuifunayo ili kumsika, yatsamira khoma kwa a Jailosi, yafunda bulangete. Ine ndinangokhalamo tsiku limodzi, pa wilibala."

Apa n'kuti anthu atasonkhana. A Dorika anafika akupukuta manja pa chitenje.

"Yanganso ili komweko, bambo a msonkho. Mukaipatse moni."

"Ndi yanga yomwe!" anatero wosoka nsapato. "Mukapeza dziwe langa muli anthu, muwauze atuluke."

A Lameki anakanda mutu ndi loko uja. Akanati chitseko si nyumba, akanakatsutsira kunja kwa dziko, ndipo iwo analibe m'bale kunjako. Anasonkhanitsa mapepala onse a deralo n'kulunjika kumsika, khamu lili pambuyo ngati likuperekeza mkwati.

A Jailosi anali akudya chinangwa chootcha pamene anauzidwa kuti ndi munthu wolemera kuposa wina aliyense mu ufumu, mwini wa nyumba zonse zosanja za ku Mwanaalirenji ndi maiwe ake omwe, ndipo msonkho wake ukufunika lero. Chinangwa chinawatsamwa. Anathamangira ku ofesi ya mlamu wawo.

"Alamu, ndipulumutseni! Sinthani mapepala aja!"

A Mkhalapansi anafutukula buku la bungwe, anaphulitsa fumbi. "Pepani, a Jailosi. Buku likuletsa kuyeza nyumba ya m'bale. Ntchito yathu ili ndi malamulo."

A Jailosi anabwerera kumsika, anabwereka nkhwangwa kwa ogulitsa makala. Mikango iwiri ija sinabangule n'komwe. Pomwe a Lameki ankamaliza kuwerenga mapepala mokweza, chitseko chinali chitasanduka mitolo ya nkhuni.

"Lembani," anatero a Jailosi akupuma wefuwefu. "Nyumba zagwa. Zonse."

Uthenga utafika ku Bwalo la Eyaeya, mfumu inagwira pamtima. Dera lolemera kwambiri mu ufumu linali litatha masana amodzi, popanda mphepo kapena chivomerezi. Mbendera inatsitsidwa. Nduna zinavala zakuda n'kukhazikitsa komiti yolandira thandizo la ovutika, imene inkakumana pa Phiri la Tadyakale chifukwa kumeneko kuli mphepo yabwino. A Mkhalapansi anafufuta Mwanaalirenji m'mabuku onse, anapatsidwa mendulo chifukwa chogwira ntchito pa nthawi yovuta.

A Lameki anatumidwanso kuti akaone mabwinja. Anapeza a Nankhoma akuanula zovala pachingwe, kumwamba kutada.

"Mayi, pali vuto. M'mabuku nyumba yanu mulibe. Yosanja ija inagwa, yaudzu ija inafufutidwa pamene ankalemba yosanja. Ino ndiye palibe akuidziwa." Anayang'ana makoma a njerwa, anagogoda limodzi ndi chala. "Koma njabwino. Ndikhoza kukapempha kuti oyeza abwere adzaione ndi maso, ilembedwe bwinobwino."

"Ayi, ayi, achimwene, musandichitire chifundo chimenecho. Nyumba ino ndinaimanga boma likuyang'ana kumbali, ndipo sinadwalepo. Litangoikumbukira, ndinatsala pang'ono kugona pansi pa mtengo kawiri."

"Nanga ndikanene kuti ndapeza chiyani?"

"Zimene anakutumani. Mabwinja."

A Lameki asanayankhe, mvula inayamba. Madontho akuluakulu, kenako chimvula chenicheni, choyamba chaka chimenecho. A Nankhoma anakankha chitseko chawo, chinakhula pansi monga mwa masiku onse.

"Lowani, mungadwale. Ana inu, mpando wa alendo."

Mvula inagwa mwamphamvu pa malata a nyumba imene kulibe, ndipo sipanadonthe paliponse. A Lameki anakhala momwemo mpaka inakata, anamwa tiyi, anadya mbatata. Atabwerera ku likulu, analemba mu lipoti lawo kuti sanapeze pobisala, ndipo ananyowa kwambiri.